Konzani browser yanu kuti masamba anu a m'mawa azitseguka okha

Achemwali anga ali ndi kashopu kolembera anthu makalata, kujambula mapepala ndi kusindikiza. Amatsegula 7 koloko m'mawa, ndipo kawirikawiri amapeza anthu ataima kale pakhonde: uyu akufuna CV, uyo ali ndi chithunzi cha satifiketi mu foni choti chisindikizidwe, winayo akufuna fomu yake ipite 8 koloko isanakwane. Tsiku lina ndinakhala pa benchi pambali pawo n'kumaonerera mmene amayambira ntchito. Anayatsa kompyuta, kutsegula Chrome, kulemba "gmail" ndi zala ziwiri, kudikira. Kutsegula tab ina, kulemba "whatsapp web", kudina zimene Google yabweretsa, kudikiranso. Kenako kusakasaka fayilo ya Google Sheets imene amalembamo ndalama zolowa patsiku. Pomaliza tsamba la nyuzipepala, poti makasitomala ena amabwera kudzafunsa za mwayi wa ntchito. Nthawi yonseyi bambo wina, envelopu ya khaki ili m'manja, ankangosunthasuntha mapazi n'kumayang'ana wotchi.

Ndinawafunsa kuti, "Achemwali, masamba amenewa mumatsegula omwewa tsiku ndi tsiku?" Iwo anati, "Omwewa achimwene, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka."

Ngati zili choncho, ntchito imeneyi si yoti munthu azivutika nayo ndi manja. Browser ya pa kompyuta, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, imatha kusunga mndandanda wa masamba n'kumawatsegula onse pamodzi, lililonse mu tab yakeyake, mukangoidina. Kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo mumakonza kamodzi basi. Chimene chimafuna kuganiza si mabataniwo ayi, koma kusankha masamba oyenera kukhala pa mndandandawo. Tiyambira pamenepo.

Zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza

Musanadine chilichonse, dziwani kuti pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amangozitchula kuti home page.

Choyamba ndi masamba amene amatseguka pamene mwangoyatsa browser. Chrome imawaika pansi pa mawu akuti On startup. Awa ndi amene tikufuna, ndipo akhoza kukhala angapo.

Chachiwiri ndi kabatani kojambulidwa ngati kanyumba, kamene kamakhala pafupi ndi pamene timalemba adilesi. Pa Chrome ndi Edge kanyumbako kamasunga tsamba limodzi lokha. Anthu ambiri amakakonza kameneka, kenako n'kumadabwa kuti m'mawa browser ikutsegukabe ndi tsamba lopanda kanthu. Firefox ndiye imachita zosiyana: masamba oyambira ndi kanyumba zimayendera mndandanda umodzi.

Chachitatu ndi kuuza browser kuti izibwezera zonse zimene munasiya zili zotsegula dzulo. Izi zimaoneka zabwino poyamba, koma si mndandanda wokhazikika. Ngati dzulo munatseka muli ndi ma tab 20, lero abwera onse 20, kuphatikizapo aja munatsegula mwangozi.

Sankhani masamba kaye

Tengani pepala, mulembe masamba amene mwatsegula m'mawa uliwonse sabata yathayi. Osati amene mumalakalaka mutamawerenga, koma amene mumatseguladi. Kwa anthu ambiri mndandandawo sudutsa anayi kapena asanu. Wa mu ofesi ya zamalonda mwina akhala ndi imelo, tsamba la Reserve Bank of Malawi la rbm.mw loonera mitengo ya ndalama zakunja, ndi la MRA la mra.mw. Mphunzitsi mwina imelo, Google Drive ndi tsamba la MANEB nyengo ya mayeso ikayandikira. Achemwali anga anasankha anayi aja.

Ine ndimalangiza kuti musapyole asanu, ndipo chifukwa chake n'chooneka. Tsamba lililonse limene latseguka limakoka deta nthawi yomweyo, kaya mwaliyang'ana kapena ayi. Ngati kompyuta yanu imalowa pa intaneti kudzera pa hotspot ya foni kapena ka MiFi, masamba onsewo akudya bandulo imodzi. Ine zinandionekera: ndinaika tsamba lina la makanema pa mndandanda wanga, ndipo linkayamba kusewera lokha kuseri ine ndili kalikiliki ndi imelo. Bandulo imene inkandifikitsa Lachisanu inatha Lachitatu masana. Choncho tsamba la makanema, la nyimbo kapena lodzaza zithunzi zoyenda lisakhale pa mndandanda umenewu. Lidzatsegulidwa ndi dzanja mukalifuna.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kompyuta. Malaputopu ambiri amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito amakhala ndi RAM ya 4 GB. Ma tab khumi otseguka nthawi imodzi pa makina oterewa amachititsa kuti muziyang'ana kachizindikiro kozungulira kwa nthawi yaitali kuposa imene mukanataya polemba maadilesi ndi manja.

Mukasankha, pezani adilesi yeniyeni ya tsamba lililonse. Apa ndi pamene phindu lalikulu lagona. Musasunge adilesi ya Google imene mumasakira tsambalo, sungani tsamba lenilenilo. Gmail ndi mail.google.com. WhatsApp ya pa kompyuta ndi web.whatsapp.com. Ngati muli ndi maakaunti awiri a Gmail olowa pa browser imodzi, mail.google.com/mail/u/0 imatsegula yoyamba ndipo mail.google.com/mail/u/1 imatsegula yachiwiri. Fayilo ya Google Sheets kapena Google Docs ili ndi adilesi yakeyake yaitali, ndipo mukasunga imeneyo fayiloyo izitseguka mwachindunji, osadzera pa mndandanda wa mafayilo. Kuti mukope adilesi, tsegulani tsambalo, dinani Ctrl ndi L pamodzi kuti adilesi yonse isankhidwe, kenako Ctrl ndi C.

Chenjezo limodzi pano. Dikirani kaye kuti mulowe mu akaunti ndipo tsamba lifike pamene mumagwirira ntchito, kenako mukope. Adilesi ya tsamba lofunsa pasiwedi nthawi zina imakhala ndi zilembo zambirimbiri zogwira ntchito ulendo umodzi wokha, ndipo mawa lake imangokuonetsani uthenga woti yatha ntchito.

Pa Google Chrome

Njira yosavuta kwambiri ndi kutsegula masambawo kaye, kenako n'kuuza Chrome kuti iwasunge mmene alilimo.

1. Tsekani mawindo ena onse a Chrome, mutsale ndi imodzi.

2. Tsegulani masamba anu aja, lililonse mu tab yake. Ctrl ndi T imatsegula tab yatsopano.

3. Asanjeni mmene mukufuna azibwerera. Gwirani tab ndi mausi n'kuikokera kumanzere kapena kumanja. Tsamba limene mumayambira likhale kumanzere kwenikweni, chifukwa ndi limene lizioneka patsogolo browser ikatseguka.

4. Dinani timadontho titatu tili pakona ya kumtunda chakumanja, musankhe Settings.

5. Kumanzere kuli mndandanda. Dinani On startup. Ngati simukuuona, lembani chrome://settings/onStartup pamalo a adilesi n'kudina Enter.

6. Muona zosankha zitatu: Open the New Tab page, Continue where you left off, ndi Open a specific page or set of pages. Sankhani chachitatucho.

7. Pansi pake patuluka mizere iwiri. Dinani Use current pages. Masamba anu onse aoneka pa mndandanda pomwepo. Tab ya Settings siwerengedwa nawo, musade nayo nkhawa.

Palibe batani la Save. Chrome imasunga yokha. Kuti mutsimikize, tsekani Chrome yonse n'kuitsegulanso. Pa Mac kutseka windo sikutseka pulogalamu, ndiye dinani Command ndi Q.

Mukadzafuna kuwonjezera tsamba limodzi mtsogolo, bwererani pamalo omwewo, dinani Add a new page, matani adilesi ndi Ctrl ndi V, kenako Add. Lizikhala kumapeto kwa mndandanda. Kumbali kwa tsamba lililonse kuli timadontho titatu tina, ndipo mmenemo muli Edit yosinthira adilesi ndi Remove yochotsera. Dziwani kuti mukadinanso Use current pages, mndandanda wakale umafufutika n'kulowedwa m'malo ndi zimene zili zotsegula panthawiyo. Izi n'zothandiza mukafuna kusanja masamba mwatsopano, koma zimapweteka mukadina mosaganiza.

Kanyumba kaja mukakafuna, pitani pa Settings, kenako Appearance, muyatse Show home button n'kulembapo adilesi imodzi. Ine ndimaikapo imelo, kuti ndikasochera pa intaneti ndizibwerera ku ntchito ndi kudina kumodzi. Alt ndi Home pa kiibodi imachita zomwezo.

Chinanso choti mudziwe: masamba oyambira a Chrome amatseguka pamene mukuyatsa browser kuchokera potseka. Mukadina Ctrl ndi N kuti mutsegule windo yachiwiri, imabwera ndi tab imodzi yopanda kanthu. Sikuti chalakwika china, ndi mmene anaipangira.

Brave ndi Opera za pa kompyuta zinamangidwa pa maziko amodzi ndi Chrome, ndipo mawu ake ndi ofananako. Lowani mu Settings, lembani "startup" m'kabokosi kosakira, mupeza zosankha zomwezi.

Pa Mozilla Firefox

Firefox ili ndi kachitidwe kake, ndipo kwa ine ndi imene inaiganizira bwino nkhaniyi.

1. Tsegulani masamba anu m'ma tab n'kuwasanja monga tanenera.

2. Dinani timizere titatu tili pakona ya kumtunda chakumanja, musankhe Settings.

3. Kumanzere dinani Home. Njira yachidule ndi kulemba about:preferences#home pamalo a adilesi.

4. Pa mzere wolembedwa Homepage and new windows, dinani kabokosi kali kumanja, musankhe Custom URLs.

5. Dinani Use Current Pages.

Mukayang'ana m'kabokosi ka maadilesi muona kuti onse alembedwa pa mzere umodzi, ndipo pakati pawo pali kamzere koimirira, aka: |. Kamzere kameneka ndi kamene Firefox imasiyanitsira tsamba ndi linzake. Ndiye kuti mukhoza kulemba nokha, mwachitsanzo motere:

https://mail.google.com|https://web.whatsapp.com|https://www.rbm.mw

Kuwonjezera tsamba ndi kupita kumapeto, kuika kamzere, n'kumata adilesi. Kusintha ndondomeko ndi kudula adilesi n'kuimata pamalo ena. Kuchotsa ndi kufufuta adilesiyo pamodzi ndi kamzere kake.

Vuto limene ndaona anthu akulimbana nalo ndi kupeza kamzereko pa kiibodi, ndiye tiyeni tichedwepo pang'ono. Makompyuta athu amachokera kosiyanasiyana. Pa kiibodi ya ku America, kamzereko kali pa batani lili pamwamba pa Enter, limodzi ndi kamzere kopendekera kumbuyo, ndipo mumadina Shift ndi batani limenelo. Pa kiibodi ya ku Britain, batani lake lili pansi kumanzere, pakati pa Shift ndi chilembo cha Z. Zimachitikanso kuti kiibodi ndi ya ku America koma Windows inaikidwa ngati ya ku Britain, ndiye mukadina pamene pajambulidwa kamzere pamatuluka kachizindikiro kopindika aka: ~. Zikatero musataye nthawi. Koperani kamzere kali m'nkhani inoyi n'kukamata, kapena ngati kiibodi yanu ili ndi manambala a kumanja, gwirani Alt n'kulemba 124 pamenepo. Samalani kuti musaike chilembo cha l chaching'ono kapena I wamkulu m'malo mwake. Zimafanana m'maso, koma Firefox idzatenga zonsezo ngati adilesi imodzi yolakwika.

Tsopano chinthu chimene chimalepheretsa ambiri. Pitani pa General, pamwamba penipeni pa mawu akuti Startup, muone kabokosi ka Open previous windows and tabs. Ngati kali kochongedwa, Firefox izibwezera za dzulo ndipo mndandanda wanu sudzaoneka poyatsa. Chotsani chongacho.

Pa Firefox kanyumba kamatsegula masamba onse a pa mndandanda nthawi imodzi, ndipo windo yatsopano iliyonse imabweranso nawo onse. Izi n'zabwino masana mukatseka ma tab mwangozi: kudina kanyumba, zonse zabwerera. Koma ngati mumakonda kutsegula mawindo ambiri, kumbukirani kuti ulendo uliwonse deta ikupita. Komanso WhatsApp Web silola kugwira ntchito m'ma tab awiri nthawi imodzi pa browser imodzi. Yachiwiri ikatseguka mumafunsidwa kuti mukufuna kuigwiritsira ntchito pati, ndipo inayo imaima. Kanyumba mukapanda kukaona, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa mzere wa mabatani, musankhe Customize Toolbar, n'kukokera Home pamene mukufuna.

Pa Microsoft Edge

Edge ndi imene imabwera kale pa Windows 10 ndi Windows 11, ndipo kuyambira mu January 2020 inamangidwa pa maziko a Chromium omwe Chrome imagwiritsa ntchito. Dinani timadontho titatu, Settings, kenako gawo limene dzina lake limayamba ndi Start, home. Mukhozanso kulemba edge://settings/startHomeNTP. Sankhani mzere wotsegula masamba anuanu. Mawu ake asinthapo kangapo: pa makompyuta ena palembedwa Open these pages, pa ena Open custom sites. Pansi pake pali batani lowonjezerera tsamba limodzilimodzi ndi lina la Use all open tabs, lotenga onse amene ali otsegula. Ubwino wina wochita izi pa Edge ndi wakuti m'mawa simuyambanso ndi tsamba lake lija lodzaza nkhani ndi zithunzi zakunja, limene nalonso limadya deta.

Amene munayamba kompyuta kale mukukumbukira Internet Explorer, mmene munkalemba adilesi iliyonse pa mzere wake m'kabokosi ka Internet Options. Zimenezo zinayamba ndi Internet Explorer 7 mu 2006. Microsoft inasiya kuisamalira Internet Explorer 11 pa 15 June 2022, choncho ngati mu ofesi mwanu mudakali kompyuta yoigwiritsa ntchito, musavutike n'kuikonza, samukirani ku Edge, Chrome kapena Firefox.

Pa Safari ya pa Mac

Safari imalola home page imodzi yokha, koma pali njira yolambalala. Sungani masamba anu ngati ma bookmark mu foda imodzi. Kenako pitani pa Safari, Settings, General. Pa Mac zakale mawu ake ndi Preferences. Pa mzere wa New windows open with, sankhani Choose tabs folder n'kuloza foda ija. Onetsetsani kuti mzere wa Safari opens with uli pa A new window. Windo iliyonse yatsopano izibwera ndi masamba a mu fodayo.

Nanga pa foni?

Ambiri a ife intaneti timaionera pa foni, ndiye funsoli limabwera ndithu. Chrome ya pa Android ilibe On startup. Ili ndi Homepage mu Settings, ya tsamba limodzi, ndipo ma tab amene munasiya amakhalabe pomwepo mukaitsegulanso. Chothandiza pa foni ndi kutsegula tsamba, kudina timadontho titatu, n'kusankha Add to Home screen. Tsambalo limakhala ndi kachizindikiro kake pa sikirini ngati pulogalamu. Ikani tizizindikiro totere titatu kapena tinayi pamalo amodzi, mwatha. Ogwiritsa ntchito Opera Mini ali ndi Speed Dial, timabokosi tija timaoneka mukatsegula tab yatsopano, ndipo kachizindikiro kophatikiza kamawonjezera tsamba lanu. Kunena zoona, pa foni ndi bwino chomwechi kuti tsamba lizitseguka pokhapokha mwalidina.

Ngati ntchito zanu ndi zamitundumitundu

Mwina muli ndi masamba a tsiku ndi tsiku, komanso ena a kumapeto kwa mwezi monga a misonkho ndi malipiro, kapena a sukulu imene mumaphunzira madzulo. Musawaunjike onse pa mndandanda woyambira. Apangireni foda. Tsegulani masamba a ntchito imodzi, dinani Ctrl, Shift ndi D pamodzi, ndipo browser ikufunsani dzina la foda yosungiramo ma tab onsewo. Lembani dzina monga "Kutha kwa mwezi" n'kuisunga pa mzere wa ma bookmark. Mzerewo ukapanda kuoneka, Ctrl, Shift ndi B imaubweretsa. Tsiku lake likafika, dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Open all, onse atseguka. Njira imeneyi imagwira pa Chrome, Edge ndi Firefox, mawu okha ndi amene amasiyana pang'ono. Ine ndimaikonda kuposa mndandanda wautali chifukwa deta imapita pa tsiku limene ndafunadi masambawo.

Ngati kompyuta imodzi mumagwiritsa ntchito anthu awiri, wina aliyense akhale ndi profile yake. Pa Chrome dinani kachithunzi kozungulira kali pafupi ndi timadontho titatu, musankhe kuwonjezera profile ina. Iliyonse imakhala ndi masamba ake oyambira, ma bookmark ake ndi maakaunti ake. Kwa achemwali anga tinapanga ziwiri: yawo, yokhala ndi masamba anayi aja, ndi ina ya mnyamata amene amawathandiza Loweruka, yongotsegula Google basi.

Apa ndinene motsindika za kompyuta imene makasitomala kapena anthu ena amakhalapo. Mndandanda woyambira sulowetsa pasiwedi, umangotsegula adilesi. Koma ngati simunatuluke mu akaunti, aliyense wodina Chrome apeza imelo yanu ndi WhatsApp yanu zili poyera. Profile si loko, munthu akhoza kusintha n'kulowa mu yanu. Loko weniweni ndi akaunti yanu ya Windows yokhala ndi pasiwedi, ndi chizolowezi chodina batani la Windows ndi L mukamadzuka pampando. Tsamba la banki musaliike pa mndandanda wa kompyuta yotere, ndipo Continue where you left off musaisankhe n'komwe, chifukwa imasunga ngakhale malowedwe amene akanatha mutatseka browser. Kasitomala akafuna kulowa mu imelo yake kuti asindikize kalata, mutsegulireni windo ya Incognito, imene siisunga malowedwe ikatsekedwa, podina Ctrl, Shift ndi N, ndipo akamaliza itsekeni iye akuona.

Zikakanika

Magetsi akathima kompyuta ili mkati mogwira ntchito, mukadzayatsanso Chrome kawirikawiri siitsegula masamba anu. Imabwera ndi tab imodzi ndi kauthenga kofunsa ngati mukufuna kubwezera masamba, kokhala ndi batani la Restore. Imachita dala, kuopa kuti mwina limodzi mwa masambawo ndi limene linaigwetsa. Mndandanda wanu sunafufutike. Dinani Restore kuti mupitirize pamene munalekezera, kapena tsekani Chrome bwinobwino n'kuitsegulanso.

Mukatsegula browser netiweki isanalumikizike, ma tab onse aonetsa kuti palibe intaneti. Yatsani hotspot kaye, muone kuti kompyuta yagwira, kenako browser. Ngati mwatsegula kale, dinani F5 pa tab iliyonse imene yakakamira. Ctrl ndi 1, Ctrl ndi 2, mpaka 8, zimakudumphitsani kuchoka pa tab ina kupita pa ina popanda mausi.

Mukaona tsamba likutseguka kawiri, yang'anani ngati simunalikhomerere. Tab yokhomerera, imene mumapanga podina batani lakumanja pa tab n'kusankha Pin, imabwerera yokha browser ikatseguka. Ngati tsamba lomwelo lilinso pa mndandanda, lidzabwera kawiri. Sankhani njira imodzi.

Ngati kompyuta yayamba kulemera, dinani Shift ndi Esc muli mu Chrome. Patuluka kawindo koonetsa tab iliyonse ndi kuchuluka kwa memory ndi netiweki imene ikudya. Limene lili pamwamba pa onse, lilingalireni ngati likuyeneradi kutseguka m'mawa uliwonse. Mu Settings, pa Performance, mulinso Memory Saver, imene imagoneka ma tab amene simukuwagwiritsa ntchito.

Pa kompyuta ya ku ofesi mukhoza kupeza zosankhazo zili zotuwa, zosadinika, ndipo pansi pa menyu palembedwa Managed by your organization. Ndiye kuti a IT anakhoma okha masamba oyambira. Musalimbane nazo, apempheni, kapena gwiritsani ntchito foda ya ma bookmark ija, imene siifuna chilolezo cha munthu.

Koma mawu omwewo akaoneka pa laputopu yanuyanu, kapena mukaona kuti tsiku lililonse pakutseguka tsamba losakira lachilendo limene simunaikepo, ndiye kuti mwina china chake chalowa. Kawirikawiri chimabwera ndi pulogalamu yaulere imene munaitsitsa n'kumangodina Next osawerenga, kapena ndi extension ina, kapulogalamu kowonjezera pa browser. Chitani izi motsatana. Lembani chrome://extensions, muchotse chilichonse chimene simukuchidziwa. Pitani mu Settings ya Windows, pa Apps, muchotse mapulogalamu achilendo amene analowa masiku amene vutolo linayamba. Bwererani mu Chrome, Settings, Reset settings, mudine Restore settings to their original defaults. Izi sizifufuta ma bookmark kapena mapasiwedi osungidwa, koma zimafufuta mndandanda woyambira, choncho lembani kaye maadilesi anu penapake kuti mudzawabwezere.

Tsamba lachilendolo likapitirirabe kubwera, pali malo amodzi amene anthu ambiri sayang'anako. Dinani kachizindikiro ka Chrome ka pa desktop ndi batani lakumanja, musankhe Properties, muyang'ane m'kabokosi ka Target. Mawu ake ayenera kuthera pa chrome.exe ndi chizindikiro chotsekera mawu. Ngati kumapeto kwake kwawonjezeredwa adilesi ina, ifufuteni n'kudina OK. Chrome imatsegula adilesi iliyonse yolembedwa pamenepo, ndipo mapulogalamu achinyengo amapezerapo mwayi.

Khomo lomwelo mukhoza kuligwiritsa ntchito inuyo mwadala. Koperani kachizindikiro ka Chrome kuti pa desktop pakhale tiwiri, kachiwiriko mukapatse dzina monga "Misonkho". Lowani mu Properties yake, pitani kumapeto kwa Target, siyani mpata umodzi, lembani adilesi yoyamba, mpata, adilesi yachiwiri, mpaka onse atatha, kenako OK. Kachizindikiro kakale kazitsegula masamba anu a tsiku ndi tsiku, katsopanoka kazitsegula a ntchito imeneyo. Mukalakwitsa polemba, Windows ikana kusunga n'kukuuzani kuti Target si yolondola, ndipo nthawi zambiri cholakwika chimakhala mpata umene mwaiwala pakati pa chizindikiro chotsekera mawu ndi adilesi yoyamba.